Ndinametera Faisoni ku Joni

Bambo anga ankadana ndi gitala kwabasi. Iwo anali munthu wa ngoma: akavala zikopa zawo, chishango kumanzere, chibonga kumanja, n'kuponda pansi, mtima wawo unkakhala m'malo. Koma zoimba za mawaya ankati n'za anthu aulesi amene amathawa khasu. Nthawi ina ndinapanga banjo ya chitini cha mafuta, mawaya ndinachotsa ku mabuleki a njinga yakutha. Anaipeza kuseri kwa nkhokwe, anaiponda kamodzi kokha ndi chidendene, n'kupitiriza ulendo wawo wa kumunda osanena kanthu. Apo n'kuti ndevu zitayamba kale kundimera. Kuyambira tsiku limenelo ine ndi bambo tinkangopatsana moni basi. Sindikunena izi kuti mundikhululukire ayi, ndikungofotokoza mmene zinalili.

Amene anandipengetsa ndi zoimba anali Faisoni Ngozo wa ku Manjawira. Ankayenda m'misika ndi gitala yake yong'aluka, mawu ake osasa ngati munthu wachimfine. Akafika pa Nsipe tsiku la msika, ine ndinkasiya khasu m'munda wa mbatata kumtunda kwathu n'kutsetsereka chothamanga. Sankaimba zakuya. Ankaimba za mkazi wodikira basi imene sibwera, za nsapato zobwereka, za mlamu wadyera. Unkaseka, kenako n'kuzindikira kuti m'maso mwadzaza misozi. Pambuyo pake anthu a m'tauni anamujambulitsa mbale za galamafoni, n'kuyamba kumveka pa wayilesi.

Tsiku lopita ku Joni amayi analira mpaka mawu kutha. Bambo anangonyamula bokosi langa paphewa, kutsika nalo phiri lonse mpaka kumsewu. Basi itafika anati, "Usakatchone." Mawu awo anali omwewo. Ine ndinayankha kuti, "Ndamva," ndikuyang'ana matayala a basi.

Za ulendo sindichulukitsa. Anatikweza ndege, ife amene ngakhale sitima tinali tisanakwerepo, ndipo munthu wina wa ku Dedza anasanzira m'chipewa changa. Kenako sitima. Kenako kutivula tonse, akulu ndi ana omwe, kutiyeza pa sikelo ngati matumba a fodya. Pansi pa mgodi kunali kutentha kosaneneka. Ntchito yanga inali yokokolola miyala ndi fosholo, chogwada, thukuta likudzaza m'majombo. Chikepe chikamatsika nawe, m'mimba munkatsala kumwamba.

M'chipinda chathu cha mu komboni tinalimo anthu khumi ndi asanu ndi mmodzi, mabedi a simenti osanjikizana, mbaula pakati. Wamkulu wa chipinda anali aDzonzi a ku Tsangano, bambo wa imvi amene anali atapita ku Joni kanayi. Mnzanga weniweni anali Yusufu, Msilamu wa pa Nsipe pomwepo. Bambo ake anali ndi sitolo m'mbali mwa msewu, koma iye anati watopa n'kuyeza mchere, akufuna akaone dziko. Dziko lake linali lomwelo la pansi pa nthaka! Tinkamuseka nazo tsiku lililonse.

Yusufu ndiye anali ndi galamafoni, ndi mbale zitatu za Faisoni zimene ankazikulunga m'thawulo ngati khanda. Lamlungu masana tikachapa, ankapukusa galamafoni ija, ife n'kukhala mozungulira. Mbale zitatu, nyimbo zisanu ndi imodzi, chaka chonse. Tinkadziwa ngakhale pamene Faisoni amakhosomola asanayambe nyimbo yachiwiri, ndipo tonse tinkakhosomola naye limodzi. Amuna amene sabata yonse atukwanidwa m'chilankhulo cha eni ake ankakhala phee, wina akusoka thalauza, wina atagona chagada chipewa kumaso. Faisoni akatchula Bawi, kapena Kampepuza, kapena mphepo ya ku Tsangano, wa kumeneko ankakuwa kuti, "Kwathu kumeneko!" Faisoni ndiye ankatisunga kuti tisapenge.

Kalata inandipeza Lachiwiri nditangotuluka pansi. Analemba ndi mlongo wanga Esinati, chifukwa amayi sankadziwa kulemba. Bambo anadwala chibayo masiku asanu okha. Anaikidwa, anthu anameta kale. Mwezi unali utatha.

Ndinawerenga kawiri. Ndinakhala pa bedi langa la simenti n'kudikira kuti mtima uchite kanthu. Sunachite. Ndinapinda kalata ija, kuiika pansi pa bokosi, n'kupita kukaima pa mzere wa chakudya. Ndinadya n'kumaliza. Yusufu anandifunsa kuti, "Kwanu akuti bwanji?" Ndinati, "Akuti mvula yachedwa." Ndikanati ndinene, aDzonzi akanandikhazika pansi, anthu akanabwera kudzandipepesa, akanandimeta, ndipo onse akanaona kuti m'maso mwanga ndi mouma gwa. Ndinaopa zimenezo. Kalatayo sindinayankhe.

Patapita masabata atatu m'chipinda mwathu munabwera munthu watsopano wa ku Manjawira. Linali Lamlungu, galamafoni ikulira. Iye anaika katundu wake pansi, kumvetsera pang'ono, n'kunena mosalabadira kuti, "Eee, malemuwa ankaimba bwino."

Yusufu anachotsa singano pa mbale. "Malemu ndani?"

"A Faisoni. Kodi simunamve? Chifuwa. Anamwalira dzinja lomweli."

"Ukunama iwe!" Ndinali ine ameneyo, nditamugwira kale malaya munthu wosalakwa. ADzonzi ndiwo anandichotsa.

Anafotokoza motsitsa mawu, akuyang'ana kuchitseko, pakuti masiku amenewo ngakhale ku Joni makutu a chipani ankafika. Akuti nyimbo ina ya Faisoni inakwiyitsa akuluakulu ena, wayilesi inasiya kumuimba, ndipo za imfa yake sinalengeze n'komwe. Pa maliro panali abale ake ndi anthu ochepa a m'mudzi. Ambiri amene ankamuvinira m'misika anaopa kuonekera.

Kenako aDzonzi anati, "Munthu watisangalatsa zaka zonsezi aikidwe ngati galu? Ayi. Ngati kwathu aopa, timulira ife kuno."

Lamlungu lotsatira tinachita maliro enieni. Tinayala bulangete pakati pa chipinda, kugoneka mbale zitatu zija pamenepo, ife kukhala pansi mozungulira, nsapato titavula. Anthu a m'zipinda zina a ku Ntcheu, Dedza ndi Balaka anabwera mmodzimmodzi, aliyense kugwada kaye pa bulangete paja asanakhale. Tinaimba nyimbo za kutchalitchi. Yusufu anatambasula manja n'kupemphera m'Chiarabu, ife Akhristu titaweramitsa mitu. Kenako aDzonzi anaimirira, anatenga mpini wa fosholo m'malo mwa chibonga, n'kuvina ligubo, gule amene kwathu amavinira munthu wamkulu akamwalira. Ankaimba m'Chingoni chakale chimene ife sitinkachimva, akuponda simenti pang'onopang'ono, misozi ikutsika m'ndevu. Asutu ndi Ashangani anadzaza pakhomo, akufunsana kuti yamwalira ndi mfumu yanji.

Ine ndinalira kuposa onse. Ndinalira mokuwa ngati mkazi wamasiye, mamina ali chuchuchu, kugubuduka pa simenti mpaka anthu awiri kundigwira. Ena mwa inu munena kuti ndinkalira bambo anga mobisa. Inenso ndayesetsa zaka zonsezi kukhulupirira zimenezo. Ndi bodza. Bambo sanabwere n'komwe m'mutu mwanga tsiku limenelo. Ndinkalira Faisoni, ndi kakhosomole kake kaja.

Dzuwa litapendeka aDzonzi anatulutsa lezala. Kwathu maliro satha anthu asanamete, ndipo ometa ndi abale. "Abale ake ndife," anatero. Yusufu anati, "Kwathu sitimetera maliro, koma lero ndimeteni." Ine ndinali woyamba kugwada. Tinametedwa mpala anthu asanu ndi atatu, ndipo tinapangana kuti galamafoni isalire mwezi wathunthu.

Kunja kwa geti Lamlungu kunkakhala wojambula zithunzi. Tinapita tonse asanu ndi atatu, mitu ili mbee, maso otupa. Ine anandiika kumapeto kwa mzere, n'kundipatsa mbale imodzi kuti ndiigwire pachifuwa ndi manja awiri. Aliyense anatenga chithunzi chake.

Kenako kunabwera kalata yachiwiri ya Esinati. Amayi akufunsa ngati uthenga unafika. Amalume akuuza anthu kuti mwana uja watchona, Joni wamudya mtima, bambo ake amwalira iye osatumiza ngakhale liwu limodzi. Amayi sakudya.

Apa ndiye pali tchimo langa, ndipo sindinalichite mwangozi. Ndinabwereka sizasi kwa munthu wina wosoka. Ndinatenga chithunzi chija, kudula anzanga onse asanu ndi awiri, kenako kudula m'munsi modutsa pamapewa kuti mbale ndi manja zichoke. Kunatsala kachidutswa kakang'ono: mutu wometa, maso otupa, kolala ya jekete. Ndinakaika mu envulopu ndi mawu ochepa akuti, "Amayi, uthenga ndinaumva. Onani mmene ndakhalira." Ndinanyambita envulopu ija ndi lilime langa lomweli.

Yankho linabwera msanga. Esinati analemba kuti amayi anayenda ndi chithunzicho nyumba ndi nyumba, anakachionetsa kutchalitchi, anakachiika m'manja mwa amalume. Amalume apepesa. Amayi ayambanso kudya.

Ndinakhalabe ku Joni chaka china ndi theka. Ndinkatumiza zofunda, nsalu, ndi kangachepe kogulira feteleza, ndipo kalata iliyonse inkanditcha mwana wabwino. Mwala unandiphwanya chala chaching'ono cha kuphazi. Munthu wa ku Manjawira uja denga la mgodi linamugwera, tinamuika komweko. Yusufu anabwerera kwawo ine ndisanamalize. Mwezi wa maliro utatha galamafoni inayambanso kulira, koma pofika pa kukhosomola paja panalibe wokhosomola naye.

Pobwerera ndinatsika basi pa Nsipe ndi bokosi lachitsulo, njinga, ndi galamafoni yangayanga. Anyamata a chipani anandiimitsa ndisanawoloke msewu, kufuna khadi la chaka chimenecho, ndipo wina anandikoka tsitsi kuona ngati lapitirira kolala. Ndinadziwa kuti ndafikadi kwathu. Phiri lija ndinakwera ndekha, bokosi ndikulikankha panjinga.

Amayi anali atachepa thupi, mano akutsogolo atachoka. Esinati anali atakwatiwa, ali ndi mwana kumbuyo. Nditalowa m'nyumba chinthu choyamba kuona chinali kachithunzi kaja. Anakaika m'felemu yagalasi yaikulu kuposa iko, pakhoma moyang'anana ndi chitseko. Amalume anabwera mawa lake ndi chishango cha bambo ndi zikopa zawo. Anagwada, munthu wamkulu, n'kunena kuti, "Tinakunenera zoipa, mphwanga. Izi anasiya bambo ako, ndipo woyenera kusunga ndi mwana amene anawalira." Ndinalandira ndi manja awiri n'kuthokoza m'Chingoni kuti, "Zaithwa." Mawu anatuluka bwinobwino, osanjenjemera.

Kumanda anandiperekeza amayi. Ndinaima pa mtumbira wa bambo, ndinayesa kufinya maso. Amayi anandigwira mkono. "Usadzivute mwanawe. Unalira kale, ndinaona."

Sabata yomweyo ndinatsikira pa Nsipe kukaona Yusufu. Anali atatenga sitolo ya bambo ake, akuyezanso mchere uja anauthawa. Tinakumbatirana, kusekana za mimba yake imene inayamba kutuluka. Kenako ndinakweza maso. Pa shelefu yapamwamba, pakati pa sopo ndi mabotolo a mafuta a nyale, panali chithunzi chija, chathunthu. Anthu asanu ndi atatu, ine kumapeto, mbale pachifuwa.

"Anthu amabwera kudzachiona," anatero Yusufu monyadira, motsitsa mawu. "Amene ankamukonda Faisoni. Amagula machesi, n'kundinong'oneza kuti, tationetsani amene anamulira aja. Ndimachitsitsa, amachigwira, ena amalira pomwepa. Lachisanu ndikatseka, timalowa kuseri n'kuika mbale imodzi motsitsa."

Ndikanamuuza kuti achibise. Koma akanafunsa chifukwa, ndipo ndikanayenera kunena kuti bambo anga anamwalira ine ndi iye tikugona mabedi oyandikana, ine n'kumuuza za mvula. Yusufu ankaganiza kuti bambo anamwalira iye atachoka kale ku Joni, ndipo anandipepesa. Ndinalandiranso chipepesocho.

Zimene ndinachita m'malo mwake n'zochititsa manyazi kuposa. Ndinasanduka mwana wa ntchito wa amayi. Mchere ukatha, ndine. Mafuta a nyale, ndine. Singano, ulusi, ndine, ngakhale dzuwa liswe mtengo. "Amayi, miyendo yanu, khalani, nditsika ndine." Anthu a m'mudzi ankati, taonani mwana wosamala mayi ake. Ndinachita zimenezi miyezi isanu.

Tsiku lina ndinapita ku Tsangano kukagula mbewu ya mbatata. Amayi anatsikira ku chipatala chaching'ono cha kumsewu chifukwa cha diso, ndipo pobwerera mvula inawagwira. Anathawira pakhonde la sitolo yoyandikira. Sitolo yake inali ya Yusufu.

Ndinafika mawa lake m'mawa. Ndinawapeza atakhala pamphasa m'nyumba, felemu ija ataitsitsa pakhoma, ili pamiyendo pawo. Sanandifunse za ulendo.

"Khala apa."

Ndinakhala.

Analoza kachithunzi kaja ndi chala. "Kodi manja ako anapita kuti pa chithunzi ichi?"

"Amayi, wojambula uja..."

"Zaka zonsezi ndimadzifunsa. Anthu ena akatumiza zithunzi ku Joni, timaona nsapato, timaona wotchi. Mwana wanga mutu wokha. Ndinkati mwina ndi mmene amajambulira anthu olira."

Anapisa dzanja m'chitenje n'kutulutsa chithunzi cha Yusufu. Anachiika pafupi ndi chinzake, pamphasa.

"Mnzako uja ndi mwana waulemu. Atamva kuti ndine mayi ako, anandipatsa mpando, anandiphikira tiyi. Kenako anakwera pa shelefu n'kunditsitsira ichi. Akuti, mayi, mwana wanu uyu ndiye analira kuposa tonse, mpaka tinachita kumugwira. Ndinati, kulira yani? Akuti, woimba gitala wa ku Manjawira." Anapuma pang'ono. "Ndinamuuza kuti ndachikonda. Wandipatsa."

Ndinafuna nthaka ing'ambike. Ndinayang'ana chala changa chophwanyika chija, ngati kuti chingandiyankhire.

"Ndikufunsa kamodzi, ndipo usandinamizenso. Bambo ako unawalira?"

"Ayi, amayi."

"Ngakhale tsiku limodzi?"

"Ayi."

"Anzako unawauza kuti bambo ako amwalira?"

"Sindinawauze."

Sanakuwe. Ndikanakonda akanakuwa, kapena kunditema ndi chikuni. Anangogwedeza mutu pang'onopang'ono. "Tsiku lija anakunyamulira bokosi, atabwerako anakhala kuseri kwa khola mpaka dzuwa kulowa. Sanadye. Munthu uja sankadziwa kulankhula, basi. Iwe unatengera yemweyo." Kenako analoza galamafoni yanga pakona. "Taika ndimumve, munthu amene anadya misozi ya mwamuna wanga."

Ndinatulutsa mbale ya Faisoni imene ndinabwera nayo, ndinapukusa, kuika singano. Faisoni anakhosomola, n'kuyamba kuimba za mkazi wodikira basi. Ineyo, chitsiru cha munthu, pamaso pa amayi anga pomwepo, misozi inayamba kutsika. Ndinayesa kuibweza, inakana. Amayi ankandiyang'ana, osaphethira. Nyimbo inatha, singano ikungokanda.

"Amaimba bwino," anatero.

Anatenga chithunzi chathunthu chija n'kundipatsa. "Ichi n'chako. Ukachisunge kumene sindidzachionanso." Anaimirira movutikira, atagwira khoma, n'kukoleka felemu ija pa msomali wake. Anaiwongola bwinobwino. "Ichi n'changa."

"Amayi, chichotseni, chonde. Ndipita kwa amalume ndikanene zoona. Chishango ndibweza."

"Ukanene kuti chiyani? Ndinayenda nacho ine mudzi wonse. Ndinaimirira nacho m'tchalitchi. Amalume ako anagwada. Ukufuna anthu adziwe kuti mwamuna wanga mwana wake wamwamuna mmodzi yekhayo sanamulire? Wandichititsa manyazi kamodzi, m'sitolo ya eni ake, ndikumwa tiyi. Kawiri ayi. Chikhala pompo. Tizidziwa ndi iwe ndi ine."

Chinakhaladi pompo. Amayi anakhala ndi moyo zaka zina khumi ndi chimodzi, ndipo nkhaniyi sanaitchulenso. Ndinakwatira, ndinamanga nyumba yanga pafupi, koma tsiku lililonse ndinkalowa kukawapatsa moni, ndipo mutu wometa uja unkandilandira pakhoma. Alendo akabwera, amayi ankawaonetsa monga kale. "Uyu ndi mwana wanga ali ku Joni, atamva za bambo ake." Ankanena mawu amenewa akuyang'ana ine. Pa zikondwerero ndinkavina ngoma ndi chishango cha bambo, anthu n'kumati ndimaponda ngati iwo. Kuseri kwa sitolo ya Yusufu Lachisanu sindinapiteko ngakhale kamodzi, ndipo Yusufu mpaka anamwalira sanadziwe chimene anandilakwira.

Amayi atamwalira ndinalira zenizeni. Palibe anachita kundigwira, sindinagubuduke, koma misozi inatuluka masiku atatu osaleka. Tsiku lometa ndinagwada pabwalo, lezala ikuyenda m'mutu, tsitsi la imvi likugwera pamaondo. Mayi wina wokalamba wa kutchalitchi anaima pafupi n'kuuza anzake mokweza kuti, "Uyu ndiye mwana. Bambo akenso anawalira chomwechi, ali kutali ku Joni. Chithunzi chake chili m'nyumbamo, kaoneni." Anandigwira paphewa. "Si choncho, bambo?"

Amene ankadziwa zoona anali atagona kumanda dzulo lake. Panalibenso wondiletsa kunena. Anthu onse ankadikira.

Ndinati, "Ndi choncho, mayi."